Mutu 6: Madontho Ofiira pa Mapu a Gatwekera

1. Mlendo wa foni m'manja

Mipopi yonse imene ndinalemba ku Gatwekera inakwana 212, koma munthu woyamba kumufunsa anandithamangitsa. Anali Mama Awino.

Ndiyambe ndi mmene ndinafikira kumeneko. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ku Zomba, bambo ananditumiza ku Nairobi kwa mchemwali wawo, azakhali a Modesta, amene amakhala ku Lang'ata. Bambo ankati ndizikathandiza panyumba podikira mayina a opita ku koleji. Ine kudikira sindikutha.

Pa mapemphero a Amalawi a mwezi ndi mwezi ndinakumana ndi Jerome, mnyamata wa ku Mzuzu wophunzira zamakompyuta pa yunivesite ina m'tauni. Funso lake loyamba linali lakuti, "Kodi umaopa matope?" Ndinati ayi. Akanandifunsa ngati ndimaopa mikango ndikanayankha chimodzimodzi.

Pa yunivesite yakeyo pali malo otchedwa Habu, othandiza achinyamata ofuna kuyamba bizinesi. Amakupatsa desiki, intaneti ndi mphunzitsi wokuwongolera. Pagulu lililonse pamafunika wophunzira wa pomwepo mmodzi, enawo akhoza kuchokera kunja. Chaka chino magulu tinalipo khumi ndi awiri, ndipo atatu okha ndi amene akanapatsidwa mpamba ndi malo kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Bizinesi yathu tinaitcha Maji Leo, kutanthauza madzi lero. Ku Kibera, dera lothithikana la anthu osauka mu Nairobi, madzi satuluka tsiku lililonse. Mayi amayenda ndi zigubu kuchoka pampopi wina kupita pa wina, mwana ali kumsana. Ife tinkafuna kuti azingotumiza uthenga pafoni, n'kuuzidwa kumene madzi atuluka tsikulo.

Mphunzitsi wathu, Dr. Kerubo, sanatengeke nazo msanga.

"Maganizo abwino aliyense ali nawo," anatero. "Ine ndikufuna umboni. Mipopi ilipo ingati? Ili pati? Imatulutsa madzi masiku ati? Pitani mukawerenge."

Jerome anali ndi makalasi. Wowerenga ndinali ine. Tinasankha Gatwekera, dera limodzi la ku Kibera.

Mama Awino amagulitsa madzi pa thanki yakuda pafupi ndi njanji. Ndi mayi wamtali, mawu ake amamveka kutsidya kwa ngalande. Atangoona foni m'manja mwanga anatukula dzanja.

"Enanso!" anatero, akusakaniza Chiswahili ndi Chingerezi kuti ndimve bwino. "Lolemba anabwera a zimbudzi. Mwezi watha anabwera a udzudzu. Aliyense ndi kafoni kake. Mumatiwerenga ngati mbuzi, kenako mumakwera ndege. Pita."

Ndinapita. M'mawa mwake ndinabwerera, foni ili m'thumba. Ndinapinda mawondo monga anandiphunzitsira mayi anga, n'kufunsa mmene adzukira, mmene adzukira ana, mmene kwachera kunyumba konse. Ku Nairobi moni ndi mawu awiri: "Sasa?" "Poa." Munthu wadutsa. Amayi a pamzere anaseka mpaka wina anakhala pachigubu.

"Kamtsikana aka kakufuna banja kwathu kuno eti?" anatero Mama Awino. "Kwanu n'kuti iwe?"

"Ku Malawi."

"Ndiye kwanuko mumapatsana moni mpaka dzuwa kulowa? Ntchito mumagwira liti?"

Anandilozera gogo wina amene ankalimbana ndi chigubu chodzadza. Ndinapinda kansalu kanga kukhala nkhata, n'kusenza chigubucho mpaka kunyumba kwa gogoyo. Pobwera ndinapeza dzina langa la Ndaona latha ntchito. Aliyense ankangoti Malawi.

Tsiku lachitatu ndinatulutsa pepala la ku yunivesite limene Dr. Kerubo anatilamula kuwerengera munthu aliyense tisanamufunse kanthu. Linkanena kuti dzina lake, nkhope yake ndi malo enieni a mpopi wake sizidzaonetsedwa kwa wina aliyense kunja kwa gulu lofufuza. Mayina ndi manambala a foni tinkawafuna kuti tizitha kufunsa ogulitsawo m'mawa uliwonse ngati madzi atuluka.

Mama Awino sanaliyang'ane n'komwe pepalalo.

"Pepala limanyowa. Ndiuze ndi pakamwa pako."

"Ndikulonjeza, Mama."

Anatseka mpopi, n'kundigwira pamkono. Kwa milungu itatu anayenda nane m'tinjira toti munthu wonenepa adutse chammbali. Paliponse ankangonena mawu omwewo: "Uyu ndi wanga. Muuzeni zoona." Ndipo anandiuzadi zoona.

2. Zobiriwira ndi zofiira

Lachitatu masana, kutatsala masiku awiri kuti tikaonekere pamaso pa oweruza, Jerome anandikodola ndikungolowa ku Habu.

"Aise, Nda, tabwera uone izi. Ukhale pansi kaye, ungagwe."

Pa laputopu pake panali mapu a Gatwekera, odzadza timadontho. Tina tobiriwira, tambiri tofiira.

Yunivesiteyo ili ndi nkhokwe ya mapu a mzinda wonse: a misewu, a ngalande, a magetsi, a mapaipi a madzi. Wophunzira aliyense akhoza kuwagwiritsa ntchito. Jerome anatenga mapu a mapaipi ovomerezeka n'kuwasanjika pamwamba pa mipopi yanga ija.

"Tobiriwirati tili pa mapaipi odziwika," anatero. "Tofiirati tili kutali ndi paipi iliyonse yovomerezeka. Ndiye kuti analumikiza okha mobisa. Werenga."

"Ndi tingati?"

"140. Pa 212! Palibe amene ali ndi mapu ngati awa mu Nairobi muno. Ngakhale a ku ofesi ya zamadzi alibe. Ndipo mmodzi wa oweruza Lachisanu, a Mutiso, akuchokera komweko. Taona izinso."

Anadina kadontho kamodzi kofiira pafupi ndi njanji. Panatulukira chithunzi cha Mama Awino akuseka, dzanja lili pampopi, dzina lake lili m'munsi.

"Nanga pepala lija?" ndinafunsa.

"Pepala lija ndi mwambo chabe, aliyense amawerenga. Tingoonetsa kwa mphindi imodzi. Magulu enawa ali ndi zithunzi za pa intaneti, ife tili ndi anthu enieni. Nda, iwe ndi shasha. Wachita zimene madokotala a pano alephera."

Ponena zimenezi anagwira dzanja langa, ndipo sanalisiye msanga.

Ndinatuluka ku Habu mapazi asakugunda pansi. Ndinkaona chitseko chagalasi cholembedwa mayina athu awiri. Ndinkaona nyumba ya pansanjika yachisanu ndi chiwiri ku Ruaka, maluwa ali pakhonde. Mu matatu, minibasi ya ku Nairobi, ndinafika posankha mtundu wa makatani. Za pepala ndinaziiwala ndisanafike ndi pa bwalo la masewero la Nyayo pomwe.

3. Pa mdipiti wa magalimoto

Lachinayi azakhali anandidzera m'tauni poweruka. Amagwira ntchito yosanthula ziwerengero ku bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo ndi munthu wosachedwa kuona polakwika. Pafupi ndi bwalo la ndege la Wilson magalimoto anaima nji. Tindege tating'ono tinkadutsa pamwamba pathu, ife osasuntha.

Ndinalephera kuugwira mtima. Ndinatsegula mapu aja pafoni.

"Anti, taonani. Mawa tiwagwetsa onse."

Anayang'ana kwa nthawi yaitali. Anadina kadontho kamodzi, kenako kena. Anazimitsa wailesi.

"Anakonza ndi mnyamata wa tsitsi ngati tsache uja?"

"Dzina lake ndi Jerome, Anti."

"Ali ndi mutu. Anthu awa unawauza kuti chiyani powalemba?"

Ndinawauza. Anandibwezera foni, n'kuika manja onse awiri pachiwongolero.

"Ndaona, ndikuuze nkhani imene ngakhale bambo ako saidziwa. Ntchito yanga yoyamba, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, inali yolemba amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu m'tauni ina kwathu. Tinkawauza kuti tikufuna kudziwa chiwerengero chawo kuti awamangire msika. Sitinkanama, ifenso tinkakhulupirira zomwezo. Ndinalemba mwaluso: dzina, malo amene amakhala, katundu amene amagulitsa. Abwana anandiyamikira pamaso pa anthu. Lipoti linayenda m'maofesi, dzanja ili kupatsira dzanja lina. Msika sunamangidwe.

"Patapita miyezi inayi kunabwera lole yolanda katundu. Amene ankatsogolera anali ndi mndandanda m'manja, akuitana mayina. Ukudziwa mmene ndinadziwira kuti ndi wanga? Dzina la mayi wina ndinalilemba molakwika, ndipo munthu uja analiitana molakwika momwemo.

"Mayi ameneyo ndinakumana nawo pa depoti chaka chotsatira. Ndinkafuna kubisala kuseri kwa basi. Sananditukwane. Anandipatsa moni bwinobwino, n'kunena kuti, 'Mwana wanga, unatilemba bwino.' Zaka makumi awiri zadutsa, ndayenda mayiko khumi ndi anayi, koma mawu amenewo ndimawamvabe ndikamatsegula fayilo iliyonse."

Galimoto ya kutsogolo inasendera pang'ono. Azakhali sanaitsatire, ndipo wa kumbuyo analiza hutala.

"Munthu wa mu ofesi amaona kadontho," anapitiriza. "Kadontho sikadya, sikalipira sukulu, sikadwala. Kuchotsa kadontho n'kosavuta. Iwe wekha ndi amene ukudziwa kuti kadontho aka kali ndi ana angati.

"Usandimve molakwa. Sindikuti mapaipi obisawo ndi abwino. Amadutsa m'ngalande zonyansa, akabooka ana amatsegula m'mimba. Mzinda uyenera kudziwa kukula kwa vutoli, ndipo zimenezo ukanene mokweza. Koma kunena kuti dera ili lili ndi mipopi 140 yosadziwika ndi chinthu china. Kuloza chala kuti ndi uyu, nkhope yake ndi iyi, khomo lake ndi ili, ndi chinthu chinanso. Choyambacho ndi kafukufuku. Chachiwiricho n'kuneneza munthu amene anakulandira.

"Ndipo kumbukira kuti mlendo ndi mame. Mayina a ku koleji akatuluka iwe ukwera ndege. Mayi uyu adzakhala pomwepo, pamodzi ndi anzake onse amene anawauza kuti akukhulupirire. Akadzabwera odula mapaipi, anthuwo sadzafunafuna iwe. Adzapita pakhomo pake."

"Koma Anti, tikachotsa zithunzizo tiluza."

"Mwina muluzadi. Sindikulonjeza kuti chilungamo chimapambana mpikisano. Nthawi zambiri chimakhala cha nambala folo."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Wakula. Ine ndangokuuza za mayi wa pa depoti."

Tinadutsa manda a Lang'ata. Tikukhota kulowa kwathu ndinafunsa, "Kodi pali njira yoonetsera vutolo osaonetsa munthu?"

Azakhali anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Funso limenelo ndiye ntchito yanga. Tikafika usavule n'komwe nsapato, utenge laputopu yanga."

Tisanadye chakudya chamadzulo anali atandiphunzitsa. Tinagawa Gatwekera m'zigawo zikuluzikulu, chilichonse cha mipopi yosachepera khumi. Chigawo cha mipopi yofiira yambiri chinkada kwambiri, cha yochepa chinkayera. Vuto linkaoneka lonse. Munthu sankaoneka ndi mmodzi yemwe.

4. Mawu a pa masitepe

Lachisanu ndinafika ku Habu 8 koloko. Mpikisano unali woyamba 10 koloko. Jerome anali atavala jekete yobwereka, manja ake aatali kuposa mikono. Anali wokongola moti ndinatsala pang'ono kusintha maganizo.

Ndinamuitanira pa masitepe pomwe panalibe anthu.

"Ndachotsa mayina ndi zithunzi. Madontho kulibenso, ndaika zigawo. Ndasinthanso pasiwedi."

Zonse zimene ndinasonkhanitsa zinkasungidwa pa akaunti ya dzina langa, ndipo mapu a Jerome ankatenga kumeneko. Popanda pasiwedi, madontho ake sakanayaka.

Anaseka. "Nthabwala zako nthawi zina, Nda."

"Sindikuseka."

Anatulutsa foni, anayesa, anayesanso. Nkhope inasintha.

"Wapenga? Kwatsala maola awiri!"

"Ndinalonjeza, Jerome."

"Unalonjeza! Azakhali ako akudzaza mutu eti? Iwo ali pa ntchito, ali ndi galimoto. Ine ndikamaliza Disembala chitupa changa chokhalira m'dziko muno chitha. Malo a ku Habu ndi okhawo angandisunge kuno. Ukufuna ndibwerere ku Mzuzu ndikakonze mafoni pansi pa ambulera?"

"Sindikufuna zimenezo."

"Popanda ine bwenzi uli kuti iwe? Bwenzi ukuchapa makatani ku Lang'ata."

"Zoona. Nanga iwe popanda ine bwenzi uli ndi mipopi ingati? Ndipo ine popanda Mama Awino bwenzi ndili ndi ingati?"

Ndinamuonetsa mapu a zigawo pafoni yanga.

"Taona, nambala ija ilipobe. 140 pa 212. Tikanena imeneyo. Bizinesi yathu sifuna nkhope ya munthu kuti iyende."

"Izi zikuoneka ngati homuweki ya jogalafe."

"Zioneke choncho."

Anandiyang'ana ngati sanandionepo. Ndinkayembekezera kuti akalipanso, koma anangoyang'ana kumbali.

"Ukalankhule wekha," anatero. "Ine sindikwera pamenepo."

5. Mphindi zisanu

Holo inali yodzadza. Oweruza anali atatu: mayi wina wa bizinesi, pulofesa wa zomangamanga, ndi a Mutiso a ku ofesi ya zamadzi, bambo wa imvi ndi magalasi. Dr. Kerubo anakhala pambali ndi wotchi yowerengera nthawi.

Magulu ena anali ndi nyimbo, makanema ndi malaya ofanana. Gulu lina linabweretsa kamakina kowuluka. Ife tinali a nambala 9. Ataitana Maji Leo ndinaimirira ndekha. Jerome anali pa mpando wa kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi.

Chingerezi chimene ndinakhoza bwino pa mayeso chinandithawa pa chiganizo choyamba. Ndinati "good afternoon" nthawi ili m'mawa. Ena anaseka. Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa: kulemera kwa chigubu chodzadza, ndi mtunda umene mayi amayenda akapeza mpopi wouma. Ndinanena masiku amene madzi amatuluka mbali iliyonse. Ndinaonetsa zigawo. Nditatchula 140 pa 212, pulofesa uja analemba kanthu.

Wotchi ya Dr. Kerubo inalira. Inali nthawi ya mafunso.

A Mutiso anavula magalasi.

"Mwana wanga, ntchitoyi ndi yabwino. Koma zigawo sizindithandiza. Ine ndikufuna madontho, mpopi uliwonse pamalo pake. Ali kuti?"

"Alipo, bwana. Koma sindingawaonetse."

"Chifukwa?"

"Ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndani?"

"Anthu 212."

A Mutiso sanakwiye. Analankhula mofatsa, ndipo zimenezo zinandivuta kuposa kukalipa.

"Ukudziwa kuti mapaipi amenewo amadutsa m'zonyansa? Mvula ikagwa, ana amene amagona m'chipatala ndi a komweko. Ukamabisa madonthowo ukuteteza ogulitsa. Nanga akumwa akuwateteza ndani?"

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinayang'ana kumbuyo kwa holo. Jerome sanadzutse mutu.

"Bwana, ogulitsawo amamwa madzi omwewo, ana awonso. Paipi yabwino akuifuna kuposa ine ndi inu. Anandiuza zoona chifukwa ndinawalonjeza kuti sindiwaulula. Ndikawaulula lero, wofufuza wotsatira adzamunamiza, ndipo inu simudzadziwanso kanthu. Ngati mukufuna kukonza mapaipi, ndikhoza kukawafunsa ngati angalole kukhala nanu pansi. Akavomera ndidzakuperekezani ndekha. Koma mukafike ndi kope, macheka mukasiye ku ofesi."

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. A Mutiso anavalanso magalasi, anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana kumbuyo kwa holo.

Magulu onse atatha, anatiuza kuti zotsatira zidzatuluka Lolemba. Pakhomo Dr. Kerubo anandigwira paphewa.

"Sindikudziwa ngati mwapambana, ndipo usandifunse," anatero. "Chingerezi chako chinagwa kawiri n'kudzuka. Koma mvetsa ichi. Yunivesite imakubwereka dzina lake ukamapita kwa anthu. Pepala lija lili ndi chidindo chathu. Wophunzira mmodzi akaliphwanya, khomo limatsekekera ofufuza onse obwera pambuyo pake, mwina kwa zaka khumi. Ukanaonetsa nkhope imodzi yokha, ndikanazimitsa makina ndekha, ndipo gulu lanu likanachotsedwa lero lomwe. Bizinesi ikagwa umayamba ina. Anthu akasiya kukukhulupirira, palibe mpamba umene ungakuthandize. Mnzako ali kuti?"

"Sakumva bwino," ndinatero.

6. Nambala 8

Jerome ndinamupeza pa masitepe pomwe paja, jekete ili pamwendo. Mtima wanga unali utapepuka, ndipo ndinali wokonzeka kumukhululukira zonse.

"Wamva zimene anena Dr. Kerubo? Tikanachotsedwa! Tapulumuka, Jerome."

"Sitinapulumuke."

"Bwanji?"

Anapotokola mkono wa jekete ija.

"Lachitatu, iwe utangochoka, ndinawatumizira a Mutiso. Ndinapeza imelo yawo pa pulogalamu ya mpikisano. Ndinkafuna afike atatikonda kale."

"Unatumiza chiyani?"

"Fayilo."

"Ya zigawo kunalibe Lachitatu, Jerome. Fayilo iti?"

"Yonse."

"Ndi mayina omwe?"

Anagwedeza mutu. "Ndi zithunzi. Ndi manambala a foni."

Ndinakhala pansi pa sitepe. Ndiye chifukwa chake a Mutiso ankafunsa za madontho ngati munthu wowadziwa. Pamene ine ndinkakana pamaso pa holo yonse, iwo anali nawo kale kwa masiku awiri.

"Nda, chonde usawauze Dr. Kerubo. Andichotsa sukulu. Mwina bamboyo sanatsegule n'komwe. Tidikire Lolemba tione."

"Iwe ukudikira Lolemba. Anthu aja akudikira chiyani?"

"Ndinkachitira ife tonse awiri."

Lachitatu mawu amenewo akanandisungunula. Ndinaimirira n'kukonza siketi yanga.

"Dr. Kerubo ali mu ofesi mpaka 4 koloko. Ukawauze wekha, ndipo muwaimbire a Mutiso limodzi. Ukapanda kutero, ndiwauza ine mawa m'mawa. Ndikunena pamaso pako kuti usadzati ndinakuzembera."

"Nanga iwe ukupita kuti?"

"Kumene ndiyenera kuyambira."

Ndinathamanga mpaka pa siteji ya Railways, nsapato za mpikisano zikundiluma. Kondakitala wa matatu nambala 8 ankamenya chitseko akukuwa m'Chiswahili kuti kwatsala anthu awiri tinyamuke: "Kibera, Kibera! Wawili twende!" Ndinakwera. Ndinatumiza uthenga kwa azakhali kuti ndichedwa ndipo ndikawafotokozera. Anayankha mawu amodzi: "Pita."

Ndinatsika pa siteji ya Olympic n'kulowa m'tinjira tija. Dzuwa linali paliwombo. Ana ankandikuwira, "Malawi! Malawi!" koma sindinaime.

Pa thanki yakuda panali mzere wautali, chifukwa Lachisanu ndi tsiku la madzi mbali imeneyo. Mayi wina atandiona ndi zovala za mpikisano anayamba nthungululu.

"Wabwera bwana wa kampani! Mwapambana? Utilembe ntchito!"

Mama Awino sanaseke nawo. Anadzadza chigubu chimene chinali pampopi, anachitseka, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Mama, ndabwera ndi mawu," ndinatero. "Si abwino. Ndafuna muwamve kwa ine, osati kwa wina."

"Dzulo kunabwera anyamata awiri ovala majekete owala," anatero, mawu ali pansi kuposa masiku onse. "Sanagwire kanthu. Anangozungulira thanki, n'kufunsa ngati ine ndine Perpetua Awino Ochola. Kuno kulibe amene amalidziwa dzina limenelo. Ngakhale ana anga amaliiwala. Chaka chino ndaliuza munthu mmodzi yekha."

Amayi ena amene ndinawalemba anayamba kusendera pafupi, zigubu zili m'manja.

"Linachokera kwa ine, Mama," ndinatero. "Ndipo si lanu lokha. Ndi a onse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, anatseka mpopi ngakhale madzi anali akutuluka, n'kuuza mtsikana wake kuti athamange akaitane ogulitsa onse a m'munsi mwa njanji. Anatenga chigubu chopanda kanthu, anachigoneka pakati pa bwalo pomwe aliyense akanandiona.

"Khala apa," anatero. "Usayambe. Udikire afike onse."